Sukulu ya m'khola: kumene amaphunzira osamalira ziweto, nsomba ndi nyama zakutchire

Ng'ombe ya mkaka yalowetsedwa mumpanda wopanikiza, moti singatembenuke kapena kuponya mwendo. Wina waigwira mphuno. Wina wakweza mchira. Wophunzira wa ovolosi ndi jombo wavala golovesi lapulasitiki lofika m'phewa, walipaka sopo, ndipo akulowetsa dzanja pang'onopang'ono kumbuyo kwa ng'ombeyo.

Apa maso alibe ntchito. Zikuona ndi zala.

Kudzera m'khungu la thumbo, zalazo ziyenera kupeza chiberekero, n'kumva ngati mbali imodzi yakula kuposa inzake, ngati muli madzi, ngati muli kamwana. Ng'ombe ikukankha, ndowe zikutsikira mu jombo, koma mphunzitsi waima pambali kudikira yankho: ili ndi bere kapena ilibe? Ngati ili nalo, ndi la miyezi ingati?

Yankho limenelo ndi ndalama. Bere la ng'ombe limatha miyezi 9. Mlimi akauzidwa kuti ng'ombe yake yatenga pamene sinatenge, amadikira thole loti kulibe, akugula madeya tsiku ndi tsiku, mkaka ukunka nuphwa.

Umu ndi momwe kalasi imakhalira kwa amene asankha maphunziro a zinyama. Mbali ina ya sukulu yawo ili m'buku ndi mu labotale. Mbali inayo ili m'khola, padziwe la nsomba, kapena m'tchire momwe mukuyenda njovu.

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, makolo ndi ana amakhala pansi kusankha maphunziro. Amene amatchulidwa msanga ndi odziwika kale: unamwino, uphunzitsi, zamalamulo, zowerengera ndalama. Za zinyama zimabwera kumapeto, mwinanso osatchulidwa n'komwe. Ambiri amangodziwa a vetenale amene amafika panjinga yamoto kudzabaya ng'ombe, osadziwa kuti munthuyo anadzera kuti.

Chonsecho njira zilipo zingapo, ndipo n'zosiyana kutalika kwake, mtengo wake ndi kumene zimakathera.

Udokotala wa ziweto

Yaitali pa zonse ndi ya udokotala wa ziweto. M'Malawi muno digiri imeneyi imaperekedwa ku Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, LUANAR, yomwe likulu lake lili ku Bunda, patsinde pa phiri la Bunda pafupi ndi Mitundu.

Bunda ndi koleji yakale. Inayamba m'zaka za m'ma 1960 ili nthambi ya University of Malawi, n'kudzaima payokha lamulo lokhazikitsa LUANAR litavomerezedwa ku nyumba ya malamulo mu 2011. Koma zaka zonse zimene Bunda inkasula akatswiri a ulimi, dokotala wa ziweto sankaphunzitsidwa m'dziko muno. Wofuna ntchitoyi ankayenera kutuluka: ku University of Zambia ku Lusaka, ku Sokoine ku Morogoro m'dziko la Tanzania, ku Harare, ku Nairobi kapena kutsidya kwa nyanja. Malo anali ochepa, ndalama zofunika zinali zambiri, ndipo ena mwa opitawo sankabwerera.

N'chifukwa chake dziko la ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku mamiliyoni linakhala nthawi yaitali ndi madokotala a ziweto owerengeka.

Zinasintha LUANAR itatsegula maphunzirowa. Madokotala oyamba ophunzitsidwa kuno konkuno anatuluka mu 2019.

Digiri imeneyi imatenga zaka zambiri kuposa zinayi zimene madigiri ena amatenga, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Dokotala wa anthu amaphunzira thupi la mtundu umodzi. Wa ziweto ayenera kudziwa mimba ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa yomwe ili ndi zigawo zinayi, ya nkhumba yomwe ili ndi chigawo chimodzi, ndi ya nkhuku yomwe ilibe mano koma imaperera chakudya mu nthutumba. Mankhwala ochiza nyama ina ndi poizoni kwa ina. Panado amene munthu amamwa mutu ukamawawa angathe kupha mphaka.

Zaka zoyamba zimathera pa kapangidwe ka thupi ndi momwe ziwalo zimagwirira ntchito. Wophunzira amatumbula nyama, amaloweza mafupa ndi mitsempha, amaphunzira tizilombo toyambitsa matenda, njoka za m'mimba ndi mitundu ya nkhupakupa. Kenako zimabwera za mankhwala ndi milingo yake, opaleshoni, kubereketsa chiweto chimene mwana wapingasa, kupima nyama yakufa kuti adziwe chaipha, ndiponso kutsata momwe mliri ukufalira kuchoka khola ili kupita khola ilo.

Chovuta kwambiri kuphunzira ndi kuyang'ana.

Mlimi amangoti, “Yasiya kudya.” Ng'ombeyo singanene pamene pakupweteka. Dokotala ayenera kuona kuti yaleka kubzikula, makutu agwa, mphuno yauma, nkhama zayera, kapena kuti m'munsi mwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa mwatupa mwanabere. Amayeza kutentha kwa thupi, amatenga kadontho ka magazi kukhutu, n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Pamenepo m'pamene amasiyanitsa matenda atatu kapena anayi amene kwa munthu wamba amaoneka chimodzimodzi.

Ngakhale atamaliza, sangangoyamba kuchiza. Lamulo limafuna kuti madokotala a ziweto ndi othandizira awo alembetsedwe m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchitoyi.

Sayansi ya ziweto

Ambiri amasokoneza udokotala ndi digiri ya Animal Science, yomwenso imaphunzitsidwa ku Bunda. N'zosiyana. Dokotala amafunsa chimene chiweto chikudwala. Wa Animal Science amafunsa chifukwa chake chiweto chabwinobwino chikupereka mkaka wochepa, chikuchedwa kukula kapena chikubereka patalipatali.

Maphunziro ake ndi a kadyetsedwe, kaswanitsidwe, kamangidwe ka makola ndi kayendetsedwe ka famu. Amaphunzira kusakaniza madeya, soya, mchere ndi laimu kuti nkhuku ziikire bwino. Kubzala nsenjere ndi lukina. Kusunga udzu kuti ng'ombe zisaonde mu Okutobala dambo litauma. Amaphunziranso za mbewu ya ziweto. Ng'ombe yathu ya Malawi Zebu imapirira dzuwa ndi nkhupakupa koma mkaka wake ndi wochepa. Ya Friesian imadzaza ndowa koma sichedwa kudwala. Kuziphatikiza bwino, osataya mphamvu ya yachikuda, ndi ntchito ya mibadwo ingapo ya ziweto, ndipo imafuna munthu wosunga kaundula mosamala.

Omaliza digiri imeneyi amapezeka m'mafakitale a chakudya cha ziweto, m'mafamu a nkhuku ndi a mkaka, m'malo a kafukufuku ndi m'mabungwe amene amayendetsa ndondomeko zopatsirana mbuzi ndi ng'ombe m'midzi.

Mlangizi wa ziweto

Komabe mlimi wa ku Nsanje, ku Mzimba kapena ku Ntchisi nthawi zambiri sakumana ndi dokotala wa digiri. Amene amamudziwa ndi mlangizi wa ziweto, yemwe m'mabuku aboma amatchedwa Assistant Veterinary Officer.

Alangiziwa amaphunzira dipuloma kapena satifiketi. Makoleji odziwika pa ntchitoyi ndi awiri: Natural Resources College, NRC, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, yomwe tsopano ndi gawo la LUANAR, ndi koleji ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Dzina la Mikolongwe n'lodziwika ngakhale kwa amene sanafikeko, chifukwa nkhuku zakuda za Black Australorp zimene boma linkafalitsa kuchokera kumeneko zimangotchedwa nkhuku za Mikolongwe mpaka lero.

Maphunzirowa ndi aafupi poyerekeza ndi udokotala, koma si apansi. Ndi amanja. Wophunzira amaphunzira kugwetsa ng'ombe ndi chingwe popanda kuithyola, kubaya jakisoni pansi pa khungu, mumnofu ndi mumtsempha, kuthena, kudula ziboda, kumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba molingana ndi kulemera kwa chiweto, ndi kutenga magazi kapena ziwalo zoti zikapimidwe ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Kwa mlimi wamng'ono, khola ndiyo banki. Mbuzi imagulitsidwa mwana akabwezedwa fizi. Nkhuku imapita kumsika kunyumba kukagwa matenda. Ng'ombe imakoka ngolo, imalima, ndipo kwa anthu a chikhalidwe cha lobola imamanganso banja. Chiweto chikafa, chimapita ndi zonsezo. Mlangizi wa ziweto amaima pakati pa mlimi ndi matenda angapo amene mayina awo sachoka pakamwa m'midzi.

Loyamba ndi chitopa. Chikalowa m'mudzi, nkhuku zimazyolika, zimatsegula m'mimba, zina zimapinda khosi, ndipo m'masiku ochepa khola latsala lokha. Mankhwala ake palibe, koma katemera alipo. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku labotale ya boma ku Lilongwe, sawonongeka msanga ndi kutentha ngati akatemera ena, ndipo amangodontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka. Ntchito yooneka yaing'ono, koma imafuna munthu wodziwa kusunga botolo, kuwerengera masiku, ndi kufotokozera mudzi kuti nkhuku yodwala kale katemera sangaipulumutse.

Lachiwiri ndi chigodola cha nkhumba. Ichi chilibe mankhwala, ndipo palibe katemera amene mlimi kuno angamudalire. Chimafalikira ndi nyama yogulitsidwa mobisa, zotsala za chakudya, jombo za munthu wochoka khola lina, ndi nkhumba zongotayirira. Chida chokha ndi kutseka: kuletsa kuyendetsa nkhumba, kukwirira zakufa, kumanga makola. Mlangizi amayenera kuuza munthu amene nkhumba zake zikufa kuti asagulitse ndi imodzi yomwe. Mawu amenewa salandiridwa ndi manja awiri. N'chifukwa chake makoleji amaphunzitsanso ulangizi, luso lolankhula ndi alimi, mafumu ndi a mabutchala.

Ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, vuto lobwerabwera ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Njati zimasunga kachilombo kake osadwala, ndipo ng'ombe zodya kufupi ndi nkhalango ngati Lengwe zimakhala pachiopsezo. Matendawa akabuka, boma limatseka misika ya ng'ombe, ndipo amene amayenda khola ndi khola kutsegula pakamwa pa ng'ombe ndi kupereka katemera ndi alangizi omwewa.

Ku chigawo chapakati ndi kumpoto mdani wamkulu ndi East Coast fever, yofala ndi nkhupakupa, yomwe imapha kwambiri matole ndi ng'ombe za mkaka. Kale boma linkayendetsa madibi m'dziko lonse, ng'ombe zikusambira m'mankhwala pa tsiku loikika. Madibi ambiri anasiya kugwira ntchito. Lero mlimi amapopera yekha, nthawi zina ndi mankhwala osungunula mongoganizira, ndipo nkhupakupa zimafika powazolowera. Ku Lilongwe kuli malo a African Union ofufuza za nkhupakupa ndi matenda ake, kumene amapanga katemera wa matendawa. Koma katemerayu amasungidwa mozizira kwambiri ndipo amabayidwa pamodzi ndi mankhwala ena, choncho wosaphunzira sangamugwire.

Palinso ntchito za mkaka. M'magulu a alimi a mkaka a m'mabungwe ngati SHMPA kumwera ndi CREMPA pakati, pamafunika wodziwa kutengetsa ng'ombe bere ndi umuna wa nkhunzi wosungidwa, wodziwa kuzindikira bere lotupa lisanawononge mkaka, ndi wopima pamalo osonkhanitsira ngati mkaka wathiridwa madzi.

Alangizi oterewa ndi ochepa. M'madera ambiri mmodzi amayang'anira midzi yochuluka kuposa imene angaifikire, nthawi zina alibe mafuta a njinga. Mabungwe ena amaphunzitsa alimi odzipereka kwa masabata ochepa kuti azipereka katemera wa chitopa ndi kuthandiza pa zing'onozing'ono. Zimathandiza ndithu, koma sizingalowe m'malo mwa munthu amene wakhala zaka ku koleji. Ngati pali pamene dziko likuperewera kwambiri, ndi pamenepa, pafupi ndi khola.

Nsomba

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo nsomba ndi ndiwo imene mabanja ochuluka amakwanitsa. Maphunziro ake ali ndi makomo akeake.

Malawi College of Fisheries ili ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, m'mphepete mwa nyanja, ndipo imasula alangizi a zausodzi. LUANAR ili ndi digiri ya ulimi wa nsomba ndi usodzi, ndipo Mzuzu University nayo imaphunzitsa sayansi ya usodzi. Ku Domasi m'boma la Zomba kuli malo aboma ofufuza za ulimi wa nsomba, komwe ophunzira amakaona ntchito yeniyeni.

Nthambi zake ndi ziwiri. Ina ndi ya m'nyanja: kuwerengera nsomba zimene asodzi akukoka padoko, kuyeza maso a maukonde, kudziwa nthawi imene chambo chimaswana, ndi kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kuti nyengo yotseka nyanja ilemekezedwe. Kuchepa kwa chambo, komwe aliyense wogula nsomba ku Mangochi akukudziwa, ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku kwa anthu amenewa.

Inayo ndi ya m'maiwe: kusankha malo, kukumba dziwe loti lisatayitse madzi, kuthira manyowa kuti madzi abiriwire, kuswetsa ana a makumba, chilunguni ndi mlamba, ndi kupanga chakudya chake. Nsomba nazo zimadwala. Mu 2020 matenda a zilonda pa nsomba anapezeka ku Mchinji, ndipo anakumbutsa aliyense kuti dziwe ndi mtsinje zimafunanso wodziwa za matenda.

Nyama zakutchire

Iyi ndi nthambi imene achinyamata ambiri amailota, ndipo m'zaka zapitazi yakula moonekeratu.

Malawi ali ndi mapaki asanu, omwe ndi Nyika, Kasungu, Lake Malawi, Liwonde ndi Lengwe, ndiponso malo ena anayi osungira nyama: Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Onsewa ali pansi pa nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, mogwirizana ndi boma.

Koleji yophunzitsa ntchitoyi ndi Malawi College of Forestry and Wildlife ku Chongoni m'boma la Dedza. Ku LUANAR kulinso maphunziro a kasamalidwe ka zachilengedwe okhudza nyama zakutchire ndi zokopa alendo. Ofuna kupitiriza amapita ku Mweka m'dziko la Tanzania, patsinde pa phiri la Kilimanjaro, kapena ku Southern African Wildlife College ku South Africa.

Wophunzira amaphunzira makhalidwe a nyama, zomera zimene zimadya, kuwerenga mapazi ndi ndowe, kugwiritsa ntchito mapu ndi GPS, kuwerenga nyama, kuotcha tchire mwadongosolo, ndi malamulo. Amene adzakhale asilikali a gemu amaonjezera maphunziro a perete, mfuti ndi kulondera. Moyo wawo ndi woyenda pansi masiku angapo, chikwama kumsana, kuchotsa misampha ya waya, kugona m'tenti, banja lili kutali. Ena afera pa ntchitoyi, ophedwa ndi nyama kapena ndi opha nyama mozemba.

Ntchito zazikulu zimene zachitika zikuonetsa luso limene likufunika. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Mu 2019 zipembere 17 zinabwera ku Liwonde kuchokera ku South Africa. Mu 2022 njovu 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu.

Kusamutsa njovu kumayambira mu helikopita, dokotala atalasa banja lonse ndi mivi ya mankhwala ogonetsa. Njovu ikagwa, a pansi amathamangira. Iyenera kugona chammbali, chifukwa ikagonera chifuwa imalephera kupuma. Amaphimba diso lake ndi khutu lake lomwe kuti dzuwa ndi fumbi zisalowe. Kunsonga kwa chitamba amaikako kamtengo kuti chisatsekeke. Wina amakhala pomwepo kuwerenga mpweya umene ikupuma pa mphindi iliyonse, mpaka makina atainyamula kuikweza m'galimoto.

Aliyense pagulu limenelo ali ndi sukulu imene anadzera.

Koma ntchito ya nyama zakutchire simathera m'paki. Njovu ikathyola mpanda n'kudya chimanga cha mudzi, kapena ng'ona ikagwira munthu padoko, wa gemu amakaima pamaso pa anthu okwiya ndi olira. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ku Liwonde ndi matenda a anthrax, ndipo ntchito yaikulu inali kuchenjeza anthu a m'mbali mwa Shire kuti asadye nyamayo. Lamulo la nyama zakutchire litakhwimitsidwa mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chinafika zaka 30 m'ndende, ndipo panafunika anthu odziwa kusonkhanitsa umboni ndi kuzindikira minyanga, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka pamaso pa khoti. Ngaka, anyani ndi nyama zina zolandidwa kwa ozembetsa zimakalandira chithandizo ku Lilongwe Wildlife Centre, komwe kumagwira madokotala ndi osamalira nyama mpaka zitakhoza kubwerera kutchire.

Galu, nyama ya pambale ndi moyo wa munthu

Pali mbali ina imene ofuna maphunzirowa saiganizira msanga. Wosamalira nyama amatetezanso anthu.

Matenda ambiri opatsirana amene anthu amadwala amachokera ku nyama. Chiwewe ndicho chitsanzo choopsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onse amachitenga polumidwa ndi galu. Pakati pawo pali ana ambiri. Zizindikiro zikangooneka, kuchira kulibe. Koma agalu 70 pa 100 aliwonse akalandira katemera, matendawa amasiya kufala.

Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Amene ankagwira agalu ndi maukonde, kubaya, kupaka utoto pamphumi pa obayidwa ndi kulemba kaundula anali anthu ophunzitsidwa, ambiri a iwo Amalawi. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito yofanana, komanso limachiza agalu, amphaka ndi abulu.

Momwemonso ndi nyama ya pambale. M'malo ophera ng'ombe, wopima nyama amacheka mapapo, chiwindi ndi anabere kufufuza chifuwa chachikulu ndi njoka, asanadinde chidindo choti igulitsidwe. Nkhumba amaiyang'ana ngati ili ndi masese. Akanena kuti nyama itayidwe, mwini wake amaluza ndalama zambiri, ndipo mayesero a ziphuphu sasowa. Koleji ingaphunzitse kucheka. Kukana ndalama ya m'manja kumafuna khalidwe la munthu mwini.

Ntchito ikatha sukulu

Pepala la ku koleji silitanthauza kuti ntchito ikudikira pakhomo. Boma, kudzera ku nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto, ndilo limalemba ambiri, koma limalemba mwa apo ndi apo, ngakhale mipando yopanda anthu ilipo. Si zachilendo kupeza womaliza dipuloma ali pakhomo pamene mbuzi za m'dera lake zikufa.

Izi n'zomvetsa chisoni, ndipo n'zokonzeka. Dziko limene lalipira kuphunzitsa munthu liyenera kumufikitsa kukhola.

Ubwino wa maphunzirowa ndi woti luso lake limagulika ngakhale popanda ofesi. Ena atsegula masitolo a mankhwala a ziweto, ena amaweta nkhuku, nkhumba kapena nsomba, ena amayendera alimi a mkaka n'kumalipidwa pa ntchito imene agwira. Kumeneku n'kumene kusiyana kwa wophunzira ndi wongogulitsa kumaonekera. Wophunzira amadziwa kuti ng'ombe yobayidwa mankhwala opha tizilombo mkaka wake suyenera kumwedwa mpaka padutse masiku olembedwa pabotolo, ndiponso kuti kumwetsa nkhuku mankhwala otere mwachisawawa kumalimbitsa tizilombo timene mawa tidzavuta kuchiza mwa munthu.

Ntchito yake ndi ya fungo, magazi ndi kudzutsidwa usiku ng'ombe ikalephera kubereka. Nthawi zina chithandizo chokha chotsala ndi kupha nyama kuti isavutike, kapena kuti zinzake zipulumuke. Wokonda nyama ayenera kudziwiratu zimenezi asanalembe fomu.

Atsikana asaope. Kugwira ng'ombe kumadalira chingwe, mpanda ndi kudziwa poima, osati kukula kwa mapewa, ndipo akazi alipo kale pakati pa madokotala a ziweto, alangizi ndi asilikali a gemu. M'midzi yambiri woweta nkhuku ndi mbuzi ndi mayi, ndipo amamasuka kufunsa kwa mayi mnzake.

Polowera

Njira zonsezi zimayambira ku sekondale. Kuti munthu asankhidwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a zinyama amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Agriculture. Pa udokotala mpikisano ndi waukulu chifukwa malo ndi ochepa. Kusankha kwa mayunivesite aboma kumadzera ku National Council for Higher Education, NCHE, ndipo ovutika angapemphe ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite. Makoleji a dipuloma ndi satifiketi amalengeza okha malo ndi zofunika m'manyuzipepala ndi pa intaneti.

Apa pali kupanda chilungamo kofunika kukunena. Mwana amene wakula akuweta mbuzi, amene amadziwa ng'ombe iliyonse ya bambo ake ndi dzina, kawirikawiri ndi yemwenso amaphunzira ku sekondale yoyendera yopanda labotale, mwinanso yopanda mphunzitsi wa Chemistry. Wodziwa ziweto kuposa anzake ndiye amatsala pakhomo la koleji. Aphunzitsi akuluakulu, makomiti a makolo ndi unduna wa maphunziro ali ndi gawo lawo pamenepa.

Amene sanakwanitse digiri asataye mtima. Alipo amene anayamba ndi dipuloma, nagwira ntchito zaka zingapo, n'kudzalowa yunivesite pambuyo pake ali ndi manja odziwa kale ntchito.

Wophunzira wa Fomu 2 amene mtima wake uli pa zinyama asasiye maphunziro a sayansi polowa Fomu 3, ngakhale anzake atamuuza kuti ndi ovuta. Pa tchuthi apite kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake, apemphe kuyenda naye pa tsiku la katemera, aone yekha ntchitoyo. Ndipo kholo lisanalipire fizi ku koleji iliyonse, liyambe lafunsa ngati kolejiyo ndi maphunziro ake n'zovomerezeka ndi NCHE.